Nkhata Yosaola

Gregorio anabwerera kwawo kwa Msakambewa mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, atatha zaka makumi atatu ndi chimodzi ku Joni. Anabwera ndi chikwama chimodzi, chifuwa chosamva mankhwala, chitini cha ufa wotuwa, ndi cholinga chimodzi basi: kumanga chiliza pa manda a mayi ake mvula isanagwe.

Mayiwo, a Roza Nankhoma, anali atamwalira zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo, iye osabwera. Mapepala ake anali atatha nthawi imeneyo, ndipo ankadziwa kuti akangowoloka malire sadzaloledwa kubwereranso ku ntchito. Anasankha ntchito. Chimene anachita n'kuimbira foni mnzake wina wa ku Lilongwe kuti agule nkhata, yaikulu kuposa zonse m'sitolomo, aikweze minibasi ya ku Dowa. Nkhatayo sanaione. Mandawo sanawaone. Anangomva kuti zonse zinayenda bwino, monga amanenera anthu akafuna kuti usafunsenso.

Dziko limene analisunga m'mutu zaka zonsezi analipeza kulibe. Mapiri amene ankatolamo masuku ali mwana anali atametedwa mpala, mitengo inathera m'zigafa za fodya ndi m'matumba a makala. Ukaima pa khonde la achemwali ake unkaona mpaka ku mapiri a Ntchisi popanda chokutchinga, ngati munthu wachotsa chitseko cha nyumba. Mtsinje umene ankasambamo unali mchenga wokhawokha, ndipo pa mchengapo panali zinthu zoyera mbuu: timbale totayidwa ta tchipisi, zidutswa zotchingira wailesi m'katoni. Zimenezi ndiye anazidziwa msanga kuposa nkhope za abale ake. Zinali ngati zamutsatira.

Pajatu ntchito yake ku Joni inali yophwanya chinthu chomwecho. Pulasitiki woyera, wopepuka ngati thovu, amene ku fakitale ankamutcha polisitirini, kuno alibe n'dzina lomwe. Saola. Chiswe chimamulambalala, mvula imangomusambitsa. Ukamutentha pamtetete amafuka utsi wakuda wotsamwitsa n'kusiya phula lomata. Koma ukamutsekera mu mphika wachitsulo mopanda mpweya, n'kuthiramo ufa wotuwa uja, amagonja moto usanafike patali. Amasanduka nthunzi, nthunziyo n'kuzizira mu paipi, n'kudontha mafuta achikasu. Ufawo suchita china koma kufewetsa, monga chimachitira chidulo mu ndiwo zouma khosi. Zaka makumi awiri Gregorio anakhala akuyeza ufa umenewu pa sikelo, ndipo tsiku lotsanzikana, anzake pofuna kumuseka anamupatsa chitini chodzaza kuti azikakumbukira fungo la ntchito. Ena amabwera kwawo ndi galimoto.

Achemwali ake, a Monika, ndiwo anali otsala okha pa banja lawo. Maso awo anali atachita ng'ala, moti munthu ankamuzindikira ndi mawu. Anamulandira osalira, osamudzudzula, namugwiragwira kumaso ngati akusankha dzungu pa msika, n'kunena kuti wakalamba kuposa iwo. Atawauza kuti simenti wagula kale ndipo akufuna akaone mandawo mawa lomwe, anamukumbutsa kuti kuno ku manda sapitako ngati ku dimba. Amuna akalambula kumapeto kwa mwezi, kenako pa 2 Novembala, tsiku lokumbukira akufa, Bambo Mfumu abwera kudzadalitsa manda, ndipo mudzi wonse ulowa. Tsiku limenelo ndiye adzamusonyeza.

“Ndikakufikitsani ndekha, achimwene,” anatero. “Maso andithawa, koma manja alipo.”

Gregorio sanafunse kuti manja alowapo bwanji. Munthu amene wakhala kunja nthawi yaitali amaopa kufunsa, poti funso lililonse limaulula kutalika kwa ulendo wake.

Tsiku lolambula litakwana anatenga khasu n'kutsatira amuna anzake. Wotsogolera anali a Enoki, mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda a mudziwo. Anali nkhalamba yowonda, ya mano atatu, yolankhula mosaopa munthu monga amachitira adzukulu, poti aliyense adzadutsa m'manja mwawo. Gregorio ankangomutcha mtchona, ndipo anamufunsa pamaso pa onse ngati khasu akulikumbukira mbali yogwira.

Manda akale anali momwe anawasiyira, m'kankhalango ka miwanga ndi misuku, kokhako kamene nkhwangwa inakaopa m'dera lonselo. Koma kankhalangoko kanali katadzaza kalekale. Akufa a zaka zaposachedwa anagona kunja kwake, pa mtetete, m'mizere, padzuwa. Ochepa anali ndi ziliza. Ena onse anali mitumbira yophwa, mitanda yawo yamatabwa itadyedwa ndi chiswe mpaka kutsala zitsa. Ndipo pa mitumbirapo, pakati pake, m'maudzu, paliponse, panali zoyera zija. Zinali nkhata. Maluwa ake apulasitiki anali atasuluka n'kuuluzika, nsalu zolembapo mayina zitaola, kwatsala mafupa ake okha: mikombero yoyera ya thovu louma, ina yathunthu, ina yobenthuka, ikuwala padzuwa ngati mbale zimene alendo adya n'kuthawa osatsuka.

Gregorio anaima, khasu lili pa phewa. Ali mwana nkhata ankaluka amayi a mpingo ndi udzu ndi maluwa a ku mpanda wa tchalitchi. Pakatha mlungu zinkafota, ikagwa mvula zinkalowa m'nthaka kutsatira mwini wake, ndipo wakufa ankaloledwa kupita. Tsopano anthu anaphunzira kulira ndi zinthu zosatha. Zinamuwawa ngati kuti mlandu wake unali wa munthu wina.

Anasendera kwa a Enoki n'kufunsa motsitsa mawu, kuti ena asamve mwana wamwamuna akufunsa pamene pagona mayi ake. A Enoki sanakweze dzanja, poti manda salozedwa ndi chala. Anangotambasula milomo cha ku mzere wachitatu kuchokera ku mitengo, mzere wa mitumbira isanu ndi iwiri ya chaka chimodzi, nati ndi momwemo, koma penipeni pake akudziwa ndi achemwali ake. Gregorio anayang'ana mzerewo. Panalibe chimene chinamuyankha.

Mwina n'chifukwa chake anachita zimene anachitazo. Munthu akasowa chopereka amapereka chimene amadziwa. Anafunsa chifukwa chimene zoyerazo amazisiyira, ndipo anamuuza kuti amangolambula mozilambalala. Chaka china anayesa kuzitentha, utsi wake unawagoneka amuna anayi ndi mutu. Kuzitaya kwina sikutheka, poti cha ku manda sichituluka ku manda. Apo Gregorio anawauza za ntchito yake, za mphika wotseka ndi za ufa. Anati akhoza kuzimaliza zonse tsiku limodzi, popanda utsi wakuda, kuti Bambo Mfumu adzapeze manda ooneka ngati manda. A Enoki anaganiza kanthawi, nati palibe choletsa, malinga ntchitoyo ichitikire pomwepo m'mphepete mwa manda, ndipo mgolo ukalowa usadzabwererenso kumudzi. Amuna enawo anavomera mosavuta. Aliyense wa iwo ankadziwa pamene pagona ake, ndipo palibe anaganiza kuti wina angadziwe mwa njira ina.

Mawa lake Gregorio anapita kwa wowotcherera zitsulo, nabwera ndi mgolo wa chivundikiro chomanga ndi mabawuti, ndi paipi yopindika. Nkhatazo anatola yekha, mzere ndi mzere, akuziponya m'matumba a fetereza. Zinali zopepuka moti thumba lodzaza ankalinyamula ndi zala ziwiri. Imodzi yokha ndiyo inamuvuta. Inali yaikulu ngati tayala la ngolo, yochindikala, ndipo wina anali ataimangirira ndi waya ku chikhomo chachitsulo chokhomedwa pansi. Anapotokola wayayo, nazula chikhomocho, akung'ung'udza za anthu onyada amene amafuna kuti ngakhale ku manda adziwike kuti anagula yodula. M'thumba sinalowe. Anaithyola pa bondo, kawiri, ndipo inalira ngati fupa louma. M'mbuyo mwake amuna ankabwera ndi makasu, akusalaza nthaka ndi kuunjikira mitumbira.

Moto anayatsa dzuwa lili pamutu. Anathira ufa wotuwa uja, namanga chivundikiro, paipi naidutsitsa mu ndowa ya madzi. A Enoki atayang'ana zonsezo anaseka mpaka kutsokomola.

“Zaka makumi atatu ku Joni, a mtchona, kukaphunzira kutcheza kachasu? Mukanangofunsa alamu anga, akanakuphunzitsani ulere.”

Anatumiza munthu kukatenga velemoti, botolo lija amayezera kachasu, nalitchera kukamwa kwa paipi. Kwa nthawi yaitali sipanatuluke kanthu. Kenako mgolo unayamba kulira chapansipansi, ngati anthu ambiri akung'ung'udza m'chipinda chotseka, ndipo nthabwala zinatha zokha. Dontho loyamba linagwa, lachikasu, lotsatira linabwera msanga. Fungo lake linali lija Gregorio analidziwa zaka makumi awiri, lotsekemera koma lobaya m'mphuno. Pano, pakati pa mitumbira, linamveka lachilendo. Katatu anadikira mgolo kuti uzizire n'kuudzazanso. Pofika madzulo matumba onse anali opanda kanthu, ndipo nkhata za onse amene anafa m'zaka khumi ndi zisanu zapitazo zinali mu velemoti imodzi, yosadzaza n'komwe.

Wina anafunsa kuti zina zonse zapita kuti. Gregorio anayankha kuti sizinapite kulikonse, chinthucho n'chodzaza mpweya, chenicheni chake ndi chomwecho. A Enoki anati ndi momwe alili munthu, naimika botololo patsinde pa muwanga. Onse anasamba m'manja ndi kumapazi asanalowe m'mudzi. Koma fungo silinachoke. A Monika analimva iye akadali pa bwalo, nafunsa chimene wagwira. Anawayankha kuti ndi ntchito ya ku manda, ndipo iwo sanafunsenso.

Pa 2 Novembala kunacha kuli mitambo cha ku Ntchisi. Itatha Misa anthu anayenda pa mzere kupita ku manda, amayi akuimba nyimbo za maliro mosakweza, Bambo Mfumu ali patsogolo ndi madzi odalitsa. Ambiri anayamikira kuti manda ayera. Amayi ena anayang'ana pa mitumbira ya ana awo, nayang'ana Gregorio. Banja lililonse linapita pa ake n'kugwada.

A Monika anagwira mkono wa mlongo wawo mpaka pa mzere wachitatu, kenako anausiya. Anagwada pa mtumbira woyamba nayendetsa manja pamwamba pake, uku ndi uku, monga amafufuzira singano pa mphasa. Anakwawira pa wachiwiri. Pa wachitatu. Gregorio ankawatsatira pambuyo. Anafika kumapeto kwa mzere, nabwerera, akufufuzanso mofulumira, chitenje chikukoka dothi. Kenako anakhala pansi, manja ali pa maondo.

“Nkhata yanu ili kuti, achimwene?”

Anafotokoza osakweza mawu, nkhope italoza kumene kunalibe munthu. Mtanda unagwa chaka chachiwiri. Wina umene anaika unadyedwanso. Koma nkhata imene iye anatumiza, yaikulu ija imene inadabwitsa mudzi wonse pa tsiku la maliro, sinkatha. Maso atayamba kuchita mdima anatenga chikhomo ndi waya, naimangirira kuti mphepo isaisunthe. Chaka chilichonse ankabwera, n'kuyenda ndi manja mpaka ataipeza. Sanawerengepo kuti ndi mtumbira wachingati. Akanawerengeranji, chizindikiro chilipo chosaola? Ndipo chaka chilichonse ankawauza mayi kuti mwana wawo sanawaiwale, si iyi nkhata yake ikadalipo.

Gregorio anamva bondo lake lakumanja likuyabwa pamene anathyolerapo.

A Enoki anabwera, namva nkhaniyo, ndipo kwa nthawi yoyamba sanamutche mtchona. Anaitana mabanja a mzere umenewo mmodzimmodzi. Awa anati woyamba ndi wathu. Awa anati wachiwiri ndi wachitatu. Wachisanu ndi chimodzi ndi womaliza eni ake analiponso. Inatsala iwiri yoyandikana, wachinayi ndi wachisanu. Umodzi unali wa a Roza Nankhoma. Winawo unali wa mayi wina wobwera, mkazi wa tenanti amene ankalima fodya pa esiteti ya cha ku Kasakula. Anadwalira pa njira, namwalirira m'mudzi muno mlungu womwewo, ndipo mudzi unamuika poti maliro sathamangitsidwa. Mwamuna wake anachoka fodya atagulitsidwa. Ankangomutcha mayi wa ku Mulanje. Dzina lake palibe analisunga.

Gregorio anawapempha a Enoki kuti akumbukire, poti manda onse awiri anakumba ndi iwo. Nkhalambayo inayang'ana mitumbira iwiriyo, ikutafuna chopanda kanthu.

“Ndakumba oposa mazana awiri, bambo. Ndikanama, mudzamanga pa bodza langa.”

Gregorio anagwada yekha n'kuyamba kufufuza bowo la chikhomo. Nthaka inali yogalauzidwa ndi makasu, yosalazidwa bwino, ntchito yaukhondo imene iye mwini anaiyamikira dzana. Anatseka maso kuti akumbukire pamene anaima pozula. Anakumbukira waya, dzimbiri lake, mawu ake onyoza aja, kulira kwa thovu pa bondo. Anakumbukira zonse kupatula malo. Akaima pa wachinayi, mtima unkati ndi pano. Akasuntha phazi limodzi kufika pa wachisanu, unkateronso. Bambo Mfumu anadutsa akuwaza madzi, ndipo madontho anagwera pa yonse iwiri mofanana.

Anthu atayamba kubalalika, a Monika anapempha kuti awapatse chimene chatsala. A Enoki anakatenga velemoti ija patsinde pa muwanga. A Monika anaigwira ndi manja awiri, naipendeketsa pafupi ndi khutu kuti amve kukhuvuka kwake, nanunkhiza pa chitsekero. Anafunsa ngati mafutawo angabwererenso kukhala nkhata. Gregorio anayankha zoona, poti china choyankha analibe. Anati ku fakitale amatero ndithu, mafuta omwewo amawaumbanso n'kukhala thovu loyera, la maonekedwe alionse amene munthu afuna. Koma sakumbukira chimene anali, kapena pamene anagona.

Gregorio ankayembekeza kuti a Monika alira kapena amutukwana, ndipo zikanamupepukira. Iwo anangoimika botololo pansi, m'kampata ka pakati pa mitumbira iwiriyo, nalikanikiza kuti lisagwe. Anafunsa ngati simenti imene wagula ingakwane poyala pawiri. Iye anati ikhoza kukwana chiliza chikakhala chachifupi.

“Mumange pa onse awiri,” anatero a Monika. “Mayi sankadya okha mlendo ali pakhomo. Ndipo winayo ali ndi ake kwinakwake amene sanabwere.”

Mawu omalizawo sanawanene mobaya. N'chifukwa chake anabaya.

Anamanga masiku anayi, Gregorio ndi a Enoki ndi mmisiri mmodzi, mabingu akugunda cha kum'mawa tsiku lililonse. Chinatuluka chiliza chachilendo, chotambalala ngati khonde, chopanda mbali yakumutu yodziwika mwini. Velemoti ija anaikwirira pomwe anaiimika a Monika, poti cha ku manda sichituluka ku manda. Mgolo unatsala m'mphepete, ndi chitini cha ufa chili m'kati mwake. Simenti ikadali yaiwisi, Gregorio anatenga msomali kuti alembe dzina. Dzanja linapita kumanzere, linabwerera, linapita kumanja. Pomaliza analemba pakati penipeni, pamwamba pa botolo, pamene ankadziwa motsimikiza kuti palibe amene wagonapo: ROZA NANKHOMA. Pansi pake anasiya mpata wa dzina lina.

Mvula inagwa usiku wa tsiku lachisanu, yamphamvu, ndipo chiliza chinapirira.

Ku Joni sanabwererenso. Amakhala kwa achemwali ake, amalima mtedza pang'ono, ndipo akapeza zoyera zija mu mtsinje amazidutsa osazitola. Fungo lija akuti limamubwerera nthawi zina popanda chifukwa, ali kumunda kapena ali m'tchalitchi, lotsekemera, lobaya, ngati wina watsegula botolo pafupi naye. Chaka chilichonse pa 2 Novembala amawatsogolera a Monika ku mzere wachitatu. Iwo amagwada, n'kupeza m'mphepete mwa simenti ndi manja, n'kuyamba kulankhula ndi mayi awo mosavutika, za mvula, za nkhuku, za amene wamwalira. Gregorio amaima kumapazi, chipewa chili m'manja. Amayamba ndi kumanzere, n'kunena zimene anabwera nazo kuchokera kutali kuja. Akamaliza amatembenukira kumanja n'kubwerezanso zomwezo, liwu ndi liwu, kuopa kuti mwina woyambayo anali mlendo.